Chinagwetsa Mfumu Charles ndi msonkho

Aphunzitsi a mbiri yakale amakonda kunena kuti mafumu a ku Ulaya olamulira mwa ndekhandekha anagwetsedwa ndi akatswiri olemba mabuku, ndipo amathamangira kutchula John Locke. Zimakoma m'khutu, koma zaka zake sizigwirizana. Buku la Locke lonena za boma linatuluka mu 1689, patatha zaka 40 Mfumu Charles I ya ku England itadulidwa mutu. Buku la Leviathan la Thomas Hobbes linatuluka mu 1651, ndipo ilo linkachita kuikira kumbuyo wolamulira wosatsutsika. Chimene chinamudya Charles ndi ndalama.

Iye analowa ufumu mu 1625 atayamwa chiphunzitso cha bambo ake, James I, chakuti mfumu imaikidwa ndi Mulungu ndipo imayankha kwa Mulungu yekha. Tsoka lake linali lakuti chiphunzitso sichilipira asilikali, ndipo ku England msonkho watsopano unkafunika chilolezo cha Nyumba ya Malamulo. Atatopa ndi makani a aphungu, anawabalalitsa mu 1629 n'kukhala zaka 11 osawaitananso.

Nanga ndalama zichokera kuti? Panali msonkho wakale wa zombo zankhondo umene matauni a m'mphepete mwa nyanja ankapereka pa nthawi ya nkhondo. Mu 1635 mfumu inaugwetsera dziko lonse, ngakhale anthu a kumtunda amene nyanja ankangoimva m'nkhani, nkhondo kulibe. John Hampden wa ku Buckinghamshire anakana kupereka mashileni 20. Sikuti analibe ayi, anali mpondamatiki. Chimene ankakana n'chakuti mfumu izipisa m'thumba mwake aphungu asanavomereze. Mlandu anagonja mu 1638, koma oweruza asanu mwa 12 anali kumbali yake. Kuyambira pamenepo okhometsa msonkhowo anayamba kubwerako manja lende.

Wina anganene kuti nkhondoyi inayambira ku tchalitchi. Zoona, Charles anaputa anthu a ku Scotland powakakamiza buku la mapemphero mu 1637, iwo n'kunyamula zida. Koma chimene chinamugwaditsa pamaso pa aphungu mu 1640 chinali mosungira chuma mouma. Aphunguwo anati madandaulo kaye, ndalama pambuyo. Charles anawathamangitsa patangotha milungu itatu, kenako n'kuwaitananso mu Novembala chaka chomwecho, chifukwa asilikali a ku Scotland anali atakhazikika kumpoto kwa England ndipo ankafuna mapaundi 850 tsiku lililonse.

Zotsatira zake zinabwera mothamanga. Mu Januwale 1642 mfumu inalowa m'Nyumba ya Malamulo ndi asilikali kukagwira aphungu asanu, Hampden mmodzi wa iwo, koma inapeza atathawa kale. Mu Ogasiti nkhondo yapachiweniweni inabuka. Atagonja pa nkhondoyo, Charles anazengedwa mlandu ku Westminster Hall, koma anakana kuvula chipewa, nakananso kuyankha, ponena kuti palibe bwalo loweruza mfumu. Pa 30 Januwale 1649 anamudula mutu ku Whitehall, atavala malaya awiri kuti anthu asaone ngati kunjenjemera kwa chisanu ndi mantha.

Omupha nawo asapakidwe mafuta. Bwalolo linakhazikitsidwa asilikali atatsekera kunja aphungu osagwirizana nawo mu Disembala 1648, ndipo mu 1653 mtsogoleri wa asilikaliwo Oliver Cromwell anabalalitsa ngakhale otsalawo, naye ndi asilikali kumbuyo. Mu 1660 dziko linaitananso mwana wa mfumu yophedwayo, Charles II.

Chimene sichinabwerere ndi msonkho wa zombo uja, umene aphungu anauthetsa mu 1641. Ndipo James II, amene analowa m'malo mwa Charles II, atathawa mu 1688, aphungu anapereka ufumu kwa William ndi Mary ndi mfundo zolembedwa. Lamulo la ufulu la mu 1689 linanena poyera kuti mfumu ikatolera ndalama popanda chilolezo cha Nyumba ya Malamulo, yaphwanya lamulo.