Chambo Chopita kwa Bwana: Mphatso Kapena Chiphuphu?



Ana athu akakhoza mayeso a MSCE n'kupita ku koleji, amayamba kugogoda pa maofesi ambiri. Amafuna kalata ya amfumu, chidindo cha kwa DC, ngongole ya sukulu ku bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board lomwe linakhazikitsidwa mu 2015, kenako malo ochitira attachment. Malangizo amene ambiri amalandira ndi akuti: "Uziwatamanda abwanawo, ndipo usamapite chimanjamanja." Pamenepo chambo cha ku Senga Bay ndi mpunga wa ku Lifuwu zimakwera minibasi. Ine ndikuti mwambo umenewu tiuunikenso, chifukwa ukuphunzitsa ana athu kugula zimene zili kale zawo.

Ena anena kuti kupatsa n'kuika, ndipo Chisilamu chimalimbikitsa mphatso. Zoona. Mtumiki Muhammad (SAW) anatiphunzitsa kuti kupatsana mphatso kumakulitsa chikondi, komanso kuti tizithokoza amene atichitira zabwino. Koma Mtumiki yemweyo anaika malire. M'mabuku a Bukhari ndi Muslim muli nkhani ya Ibn al-Lutbiyya, amene anatumidwa kukatolera Zakaat. Pobwera anapatula katundu wina n'kunena kuti ameneyo anam'patsa ngati mphatso. Mtumiki anadzudzula zimenezi pagulu, nafunsa ngati mphatsozo zikanam'peza atakhala m'nyumba ya makolo ake. Muyeso ndi umenewo. Bwanayo akadzapuma pa ntchito, kodi chambo chidzapitabe kwawo? Ngati yankho ndi ayi, ndiye kuti tikudyetsa mpando.

Mawu okoma nawonso ali ndi malire. Kupereka moni mwaulemu, kuvala bwino ndi kudikira nthawi yako pamzere ndi adabu. Kumuuza munthu kuti boma lonse la Salima likuyenda chifukwa cha iye, pomwe mumtima ukungofuna siginecha, ndi bodza. Swahaba al-Miqdad ataona munthu akutamanda Khalifa Uthman pamaso pake, anam'thira timiyala kumaso, potsatira zimene anamva kwa Mtumiki zokhudza anthu otamanda mopyola muyeso.

Amene amalipira mtengo wa mwambowu ndi mwana wina. Malo a attachment akakhala awiri ndipo ofuna ali khumi, wobweretsa nsomba akalowa, wotsala ndi mwana wamasiye wa ku Chipoka amene analibe ngakhale ya basi. Surat al-Baqara, ndime 188, imaletsa kupereka chuma kwa olamula n'cholinga chodya za anthu ena. Malamulo a dziko akugwirizana nazo: lamulo la Corrupt Practices Act la 1995, limene linabala bungwe la ACB, limagwira wolandira ndi wopereka yemwe. Ndipo wophunzira amene wazolowera kupereka ali ku koleji, akadzakhala pa mpando adzayembekezera kulandira.

Nanga mwana wathu apeze bwanji chisomo pamaso pa akuluakulu? Afike ndi mapepala okwanira, pa nthawi yake. Alankhule zoona, mwachidule. Akathandizidwa anene kuti zikomo, ndipo ngati ayamikira, atchule chimene munthuyo wachitadi. Pa attachment azifika m'mawa ndi kumaliza ntchito imene wapatsidwa. Mbiri yotere imafika kutali kuposa thumba la mpunga.

Makolo, musam'senzetse mwana katundu wopita ku ofesi kumene pepala lake likudikira chiganizo. Akuluakulu a komiti, ndikupempha kuti mzikiti uzilembera ana athu makalata a umboni mwaulere ndi mosakondera, komanso kuperekeza amasiye ku maofesi kuti asamaone ngati alibe wowayankhulira. Inu ophunzira, rizki limachokera kwa Allah. Pitani ku ofesi mutanyamula mafomu anu ndi ulemu wanu basi.

Allah atipatse chuma cha halali, ndipo atalikitse ana athu ku ziphuphu. Ameen.