Asatinamize Kuti za Maloboti N'za Okhuta

Pali kanyimbo koipa kamene kafala pakati pa madoda ovala tayi: akuti nkhani za ubongo ndi maloboti n'za anthu okhuta, ife a ku Ndirande ndi ku Bangwe tiyambe tapeza ufa. Ine ndikuti limenelo ndi bodza lamkunkhuniza, ndipo olinena saidziwa mbiri ya mzinda wawo womwe.

Choyamba timvetse kuti ziwirizi zimaphunzitsana. Mu 1948 ndi 1949, William Grey Walter, katswiri wa ubongo ku Bristol, adapanga timakina tiwiri tonga fulu, Elmer ndi Elsie. Kalikonse kadali ndi timitsempha tiwiri tokha tamagetsi, koma kankalondola kuwala n'kumalambalala zopinga. M'ma 1990, Barbara Webb wa ku Edinburgh adapanga loboti yotsanzira kachilombo kachibale ndi nkhululu, kuti aone mmene kakakazi kamapezera kakamuna pomva kulira kwake. Ubwino wake ndi uwu: loboti ikasochera, ndiye kuti zimene umaganiza za ubongowo n'zolakwika. Pamenepo sungathawire m'Chingerezi chambiri.

Nawonso ubongo udawaphunzitsa makina. Mu 1959, David Hubel ndi Torsten Wiesel adapeza kuti mu ubongo wa mphaka muli maselo amene amadzidzimuka akaona mzere wopendekera mbali imodzi yokha. Kunihiko Fukushima adatengera nzeru imeneyi mu kompyuta mu 1980, ndipo maso a maloboti ambiri a lero ndi zidzukulu za mphaka ameneyo.

Tsono mwati ife zikutikhudza pati? Pitani ku Gulupu, abale anga. Muyeso umene madokotala m'mayiko ambiri amayezera kukomoka kwa mwana wodwala malungo a mu ubongo, Blantyre Coma Score, udabadwira pomwepo mu 1989, m'manja mwa Malcolm Molyneux, Terrie Taylor ndi anzawo. Mu 1993, Susan Lewallen adalongosola zizindikiro za nthendayi zooneka mkati mwa diso, ndipo makompyuta adadzaphunzitsidwa kuzizindikira pa zithunzi zojambulidwa konkuno. Makina a MRI atafika mu 2008, padapezeka yankho limene lidasindikizidwa mu 2015: mwa ana 168 oyezedwa, 25 adamwalira, ndipo 21 mwa iwowo ubongo wawo udali utatupa kwambiri. Ukatupa umapanikiza pamene pamalamulira kupuma, mwana n'kutsirizika.

Ana amenewa sadachokere ku London ayi. Ndi ana ngati athu a ku Chilomoni ndi ku Machinjiri, obwera kumbuyo kwa amayi awo usiku. Ubongo wawo waphunzitsa dziko lonse. Nanga bwanji pa makina tizingokhala olandira, kuwomba m'manja pa mwambo wopereka mphatso?

Musandiuze kuti sitingathe. Makina a Pumani, othandiza makanda kupuma, adapangidwa mothandizana ndi Rice University, kuyambira pa timapampu ta m'mabokosi oweteramo nsomba, n'kuyesedwa pa Gulupu pomwepa. Zidatheka pa mapapo. Pa mitsempha chaletsa n'chiyani? Ku MIT adayamba kalekale, m'ma 1990, kuyesa loboti yogwira mkono wa wodwala sitiroko n'kumauyendetsa mobwerezabwereza, poti ubongo wovulala umatsegula njira zatsopano ukamazolowetsedwa. Gogo wa ku Zingwangwa amene dzanja lidafa, amene ya minibasi yopitira ku Kachere tsiku ndi tsiku alibe, safuna chiloboti cha m'kanema. Afuna kachipangizo kotsika mtengo, kokonzeka ndi mmisiri wa pa msika wa Ndirande kakawonongeka.

Kuchoka pa MUBAS, imene ambirife timaitchulabe Poly, kukafika ku KUHeS ndi ku Gulupu n'koyenda wapansi. Mainjiniya ali apo, madokotala ali apo, odwala ali apo. Mutu umodzi susenza denga, tikudziwa tonse. Chimene ndikufuna kwa aphungu ndi akuluakulu a ndalama za boma n'chakuti aike ndalama yathuyathu pa kafukufuku ameneyu, chaka ndi chaka, osadikira wachifundo wa kunja.

Ufa tiufunadi, sindikukana. Koma mayi amene mwana wake wakomoka, mukamupatsa thumba la ufa akuyang'anani bwanji?