Kuyenda awiri si mantha

Funsani m'nyumba iriyonse ku Kapata, ku Mchini kapena ku Nabvutika kuti mwamuna ndi mkazi wake anayenda liti ulendo ali awiri. Adzakuuzani za maliro a kumudzi, kapena za tsiku lija anaperekezana ku cipatala. Ulendo wongoyenda, wopanda mtembo kapena wodwala kutsogolo, timati ndi wa azungu ndi a ndalama. Inenso ndinali kunena comweco kwa zaka 24 za ukwati wanga, kufikira tsiku limene namwino wa pa kiliniki anandimanga lamba pa mkono nandiuza kuti BP yanga yafika 168 pa 100.

Bvuto ili si langa ndekha. Kufufuza kwa STEPS kumene Unduna wa Zaumoyo unacita mu 2017 kunapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa asanu alionse m'Zambia ali ndi BP yokwera. Matendawa kawirikawiri sapweteka. Amadya mtima, impso ndi mitsempha ya mu ubongo mwakacetecete, kufikira tsiku limene munthu agwa m'bafa, pakamwa papotoka, dzanja ndi mwendo zafa. Pamenepo ndiye timayamba kufunsana kuti wamlodza ndani.

Namwino uja anandipatsa mapiritsi, nati ndicepetse mcere ndi mowa, ndiponso ndiziyenda. A bungwe la WHO amati munthu wamkulu afunika mphindi zosacepera 150 pa sabata, ndiye kuti mphindi 30 pa tsiku kwa masiku asanu, kuyenda kwa ndawala kotulutsa thukuta. Ndinayesa ndekha masiku atatu, ndinaleka. Mwamuna woyenda yekha mbandakuca m'komboni, wopanda kumene apita, anthu amamuyang'ana ngati mutu wasokonezeka. Tsiku lacinai akazi anga anabvala nsapato za mwana wathu wamkazi, naima pa khomo. "Atate, dzukani. Ine sindifuna kudzasambika munthu wa sitiroko."

Tinayamba ndi misewu ya pafupi, kenaka pa Ciweru tinayamba kukwera phiri la Kanjala. Anzanga a ku bawa anati basi, uyu anamdyetsa. Sindinawayankhe cifukwa mpweya unali kundithera.

Patapita caka, mu Ogasiti 2019, ndalama za cilimba zinagwera akazi anga. Ine ndinali kuganiza za mipando yatsopano. Iwo anati afuna kukaona nyanja asanafe. Tinabwereka tenti kwa anyamata a ku chalichi, tinadutsa pa Mwami ndi mapasipoti athu, Mchinji, Lilongwe, mpaka ku Nkhata Bay, kumene tinakwera sitima ya Ilala kupita ku cilumba ca Likoma. Sitimayi inayamba kuyenda pa nyanja ya Malawi mu 1951, ndipo tonse awiri inatisanzitsa mosasankha.

Likoma ndi kacilumba kakang'ono, ma sikweya kilomita 18 kukula kwake, kodzala ndi milambe ndi miyala. Nkwa Malawi, koma mapiri amene uona tsidya lina ndi a Mozambique. Magalimoto tinaona owerengeka. Aliyense amayenda pansi, ndipo palibe amene anatidabwa. Tinagona usiku unai m'tenti pafupi ndi gombe. Usana tinali kuyenda, tsiku lina kukaona chalichi cacikulu ca St Peter cimene amishoni a Anglican anayamba kumanga mu 1903, tsiku lina kutsata tinjira ta asodzi mpaka miyendo kukana.

Musaganize kuti zonse zinali zokoma. Tsiku loyamba tinakangana. Ine, monga mwa cizolowezi cathu amuna a kuno, ndinali patsogolo mapazi khumi, manja lendelende, iwo m'mbuyo ndi cola pa mutu ndi cigubu ca madzi m'manja. Anaika katundu pansi nakhala pa mwala. "Kodi mwabwera ndi ine, kapena mukuthawa ngongole?" Kucokera pamenepo cola cinakhala pa msana panga. Madzulo ndinasenza madzi a malita 20 kucokera pa mpopi. Sindinadziwe kuti amalemera tero, ngakhale ndawasamba zaka zonsezi.

Cimene ndalembera nkhani ino cinacitika usiku wacitatu. Tiri m'tenti, nyali itazima, akazi anga anandiuza kuti kwa zaka ziwiri mutu unali kuwapweteka ca kumbuyo, ndipo nthawi zina akawerama pa mbaula anali kuona cizungulire. Zaka ziwiri, ine osadziwa! Ndinafunsa cifukwa cimene sanandiuzire. Anati, "Ndikanakuuzirani pati?" Ndipo anali kunena zoona. Nyumba yathu ndi ya zipinda ziwiri. Muli ana, muli adzukulu, muli mwana wa malemu mlongo wanga, wailesi iri kulira, ine ndafika usiku ndatopa. Mau amene timalankhulana ndi a unga, malasha ndi ndalama za sukulu. Titabwerera ku Chipata ndinawaperekeza ku kiliniki. BP yao inali yoposa yanga.

Ganizirani zimenezi, inu azibambo. Mkazi amapimidwa BP pamene ali ndi pakati, pa sikelo. Akaleka kubala, palibenso amene amammanga lamba uja, ndipo ife timati poti amagwira nchito tsiku lonse ndiye kuti ali bwino. Kucapa ndi kuphika sikuteteza munthu ku BP. Ndipo mkazi amene analangizidwa kuti za m'thupi sadandaula wamba sadzakuuzani pa maso pa ana. Afunika malo ndi nthawi. Ine ndinazipeza pa cilumba ca m'dziko la eni, pamene ndikadazipeza pa Kanjala ndikadakhala woyenda pambali pao osati patsogolo.

Amene mufuna kupita ku nyanja, mverani izi. Madzi oima okhala ndi udzu ndi bango ndiwo amasunga nkhono za likodzo. Tizilombo take timalowa pa khungu posamba, ndipo zizindikiro, monga magazi m'mkodzo, zimabwera patapita masabata kapena miyezi. Ine ndinasamba pa malo otere, ndipo patapita miyezi iwiri anandipima nandipatsa mapiritsi a praziquantel. Likodzo lomweli liriponso m'madamu ndi m'madambo a kwathu kuno kumene ana athu amasambira. Kwa azimai limatha kubweretsa zilonda m'njira ya cibaliro zimene ena amaziyesa matenda opatsirana pogonana, ndipo m'nyumba mumabuka milandu yopanda pake. Tengani neti ya udzudzu ngakhale tenti iri ndi zipi, ndipo thupi likatentha mutabwerako, kapimitseni malungo tsiku lomwelo. Madzi akumwa muziwiritsa kapena kuthira klorini. Mapiritsi a BP ndi a shuga akhale m'thumba la cobvala canu, osati m'cola cimene cingatsale pa basi. Kuyenda sikulowa m'malo mwa mapiritsi, ndipo amene amamva kupweteka pa cifuwa kapena kubanika akakwera citunda ayambe waonana ndi a cipatala.

Ndidziwa ena muti, ndalama za ku Likoma tizitenga kuti pamene thumba la unga latikanika? Nzoona, ndipo ifenso sitinabwerereko. Mipando ija sitinagule mpaka lero. Koma mapiri azinga Chipata mbali zonse, ndipo mwamuna amene apeza ndalama za mabotolo anai pa Cisanu sanganene kuti ola limodzi la pa Ciweru m'mawa lamudulira. Cimene cimatiletsa ndi manyazi, kuopa kuti anzathu adzati tiri m'botolo.

Tsopano pa Ciweru timanyamuka 5 koloko, ndipo tiri mabanja atatu. Mmodzi wa amuna aja anati anandidyetsa anayamba kubwera caka catha, mkulu wake atagwa ndi sitiroko. Akali kuyenda mapazi khumi patsogolo pa akazi ake, koma botolo la madzi amanyamula ndi iye.