Lekani Kumanga Fyuzi ndi Chipepala cha Ndudu

Tsiku lina ndinakwera minibasi yochokera ku Limbe kunka ku Zomba. Tisanafike pa Namadzi wailesi inazima mwadzidzidzi. Woyendetsa anaima, natsegula kabokosi kamene kali pansi pa chiwongolero, nasolola fyuzi yakupsa. Kenaka anapempha paketi ya ndudu kwa kondakitala wake, nang'amba chipepala chonyezimira chija, nakulunga nacho fyuziyo, naibwezera. Wailesi inayambanso kulira, ndipo anthu anamtama kuti ndi mwamuna wanzeru. Sitinayende mtunda wautali, mayi wina wobereka mwana anakuwa kuti, "Kukununkha chopsa muno!" Utsi unali kufuka pansi pa mpando wake. Tinatsika mokankhana, ena kudzera pazenera.

Abale anga, ine ndikuti munthu uja sanali wanzeru ayi. Anachita chinthu chimene sanachidziwe, ndipo ambiri mwa inu amene mumakonza nokha magetsi a galimoto mumachichitanso.

Taonani m'mene zinthu zimenezi zilili. Batire ya galimoto yaing'ono ndi ya mavoliti 12, ndipo mukaigwira ndi dzanja siikuchitani kanthu. Apa mpamene anthu amanyengekera. Batire yomweyo ili ndi mphamvu yotembenuza injini yonse, pakuti imatha kutulutsa maampeya mazanamazana pa nthawi imodzi. Magetsi amatuluka ndi waya, nakayatsa nyali, nabwerera ku batire kudzera m'chitsulo cha thupi la galimoto. Tsono waya akasendeka chikopa chake nakhudza chitsulocho, magetsi apeza njira yachidule, nathamangiramo onse. Wayayo amafiira ngati khala la moto munthu asanawerenge kufika khumi.

Fyuzi ndi kachitsulo kopyapyala kamene anakapanga dala kukhala kofooka, kuti magetsi akachuluka kasungunuke msanga waya asanatenthe. Ikapsa ndiye kuti yagwira ntchito yake, ndipo ikukuuzani kuti penapake pali chilema. Inu mukaimanga ndi chipepala cha ndudu, kapena waya wamkuwa, kapena msomali, chilema chija simunachichotse konse. Mwangochotsa mlonda, wakuba ali m'nyumba momwemo.

Ena amati, "Ife sitiika msomali, timangoika fyuzi yaikulupo." Kodi kusiyana kwake nkotani? Fyuzi za masiku ano zili ndi nambala pamsana ndi mtundu wake: yofiira ndi ya maampeya 10, yabuluu 15, yachikasu 20, yobiriwira 30. Nambalayo anaiyeza polingalira kunenepa kwa waya. Mukaika ya 30 pamalo pa ya 10, waya ndiye adzayamba kupsa, fyuzi ili chete. Masamu ake ngosavuta, ngakhale kwa munthu amene waphunzira kuwerenga atakula. Gawani mawati a babu ndi 12. Babu la mawati 55 limadya maampeya osafika 5. Koma nyali ziwiri za mawati 100 zimene anyamata amakonda kupachika kutsogolo zimadya pafupifupi 17, ndipo iwo amazilumikiza ku kawaya kakang'ono kamene angokapeza pafupi.

Enanso amati, "Ndakhala ndikutero zaka zambiri, sindinapsepo." Mawu amenewa ndawamva kawirikawiri, koma sindinawamvepo kwa munthu woima pambali pa phulusa la galimoto lake.

Musandimve molakwa. Sindikunyoza munthu wopanga zinthu ndi manja ake. Ndimakondwa kuona mwana akuumba galimoto la mawaya, ndiponso mwamuna akumangirira injini ya njinga yamoto ku ngolo ya magudumu atatu. Henry Ford anapanga galimoto lake loyamba m'chaka cha 1896 m'kanyumba ka kuseri kwa nyumba yake ku Detroit, ndipo anachita kugumula khoma kuti alitulutse, chifukwa khomo linali lochepa. Kwathu kuno William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu, anamanga makina opanga magetsi ndi mphepo m'chaka cha 2002, pogwiritsa ntchito zitsulo zotayidwa ndi mabuku a m'laibulale. Mnyamata ameneyo analibe ndalama, komabe anatola misomali, waya ndi maginito, napanga chodulira magetsi kuti nyumba ya makolo ake ingapse. Iye anavutikira kupanga chimene analibe. Nanga inu mukuwonongeranji chimene munachipeza chilipo kale?

Mukafuna kuwonjezera wailesi, nyali kapena potchajira foni, yambani mwachotsa waya wa batire wa chizindikiro cha kuchotsera, kuti sipanala ikakhudza chitsulo isathetheke moto. Ikani fyuzi yakeyake pafupi ndi batire. Pamene waya adutsa pabowo la chitsulo mumveke mphira. Ndipo fyuzi yatsopano ikapsanso, musaike ina musanalondole waya yenseyo ndi maso ndi zala.

Pa minibasi ija, titazimitsa moto ndi dothi, tinapeza kuti waya wopita ku sipikala anamdutsitsa pansi pa mwendo wa mpando, ndipo kulemera kwa anthu kunamsenda pang'onopang'ono. Chitenje cha mayi uja chinapsa m'mphepete. Tinakhala m'mbali mwa msewu mpaka dzuwa linalowa, ndipo ndalama zathu sanatibwezere.