KODI MKAZI WA M'KANEMA AMAMUVEKA NDANI?

Kwa Mfumu Yaikulu Nthache, m'boma la Mwanza, kanema sasowanso monga kale. M'zaka za m'ma 1970 munthu wa kumudzi ankaona chithunzi choyenda pokhapokha galimoto ya boma ikafika pabwalo ndi kupachika chinsalu choyera, ndipo wailesi ya kanema ya dziko lino inadzayamba mu 1999. Lero mnyamata woweta mbuzi amayenda ndi mafilimu m'kakhadi ka foni yake, ndipo m'malo a malonda muli tinyumba ta vidiyo toyendera sola kapena jenereta, momwe mafilimu a ku America, China, India ndi Nigeria, ena omasuliridwa m'Chicheŵa, amaonetsedwa mpaka usiku. Anthu ayenera kusangalala akaweruka ku ntchito, ndipo palibe wotsutsa zimenezo. Koma m'zithunzi zimenezi muli bodza limodzi limene maso alizolowera mpaka aleka kuliona, ndilo kavalidwe ka mkazi amene ali m'nkhaniyo.

Mwamuna akamapita ku nkhondo m'filimu amavala chitsulo kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Mkazi womenya nkhondo yomweyo, ataima pambali pake, amamuveka kamisolo wachitsulo ndi kansalu kosakwana n'kupukutira mbale komwe, mimba ndi ntchafu ziri pamtunda. Kodi muvi umasankha polasa? Kodi mkondo ukafika pamchombo pa mkazi umachita manyazi ndi kubwerera? Mwana wa Sitandade 3 akhoza kuyankha funso limeneli, koma akuluakulu a makampani a kanema, amene amaononga ndalama zosawerengeka pa filimu imodzi, akhala akulizemba kwa zaka zambirimbiri.

Zitsanzo ziripo ndipo n'zodziwika. Mtengambali wotchedwa Wonder Woman anaonekera koyamba m'mabuku a zithunzi ku America mu 1941, ndipo kwa zaka zochuluka wakhala akulimbana ndi adani a dziko atavala chovala chonga chosambira, mapewa ndi miyendo ziri poyera. Mu October 2016 bungwe la United Nations linamusankha kukhala kazembe waulemu wolimbikitsa amayi ndi atsikana. Ogwira ntchito ku bungwe lomwelo anakana, nayambitsa chikalata chodandaula chimene chinasainidwa ndi anthu oposa 44,000, ndipo pofika December chaka chomwecho ukazembe uja unatha. M'masewera a pa kompyuta a Tomb Raider, amene anatuluka mu 1996, Lara Croft ankalowa m'mapanga ndi kukwera mapiri ozizira atavala kakabudula. Eni ake anadzamuveka buluku mu 2013. M'filimu ya Jurassic World ya mu 2015 mayi wina akuthamanga kutsogolo kwa chilombo chachikulu cha makedzana ali pa nsapato za gogoda, ndipo dziko lonse linaseka, kotero kuti m'filimu yotsatira, mu 2018, anamupatsa jombo.

Chitsanzo chimene chimavula nkhaniyi poyera chinachitika mu 2017. Chaka chimenecho kunatuluka mafilimu awiri okhala ndi gulu limodzimodzi la akazi ankhondo otchedwa Amazons. Yoyamba, Wonder Woman, inatsogoleredwa ndi mayi Patty Jenkins, ndipo zovala anakonza ndi mayi Lindy Hemming. Ankhondo ake ambiri anavala zachitsulo ndi zachikopa zoteteza chifuwa ndi mimba. Yachiwiri, Justice League, inatsogoleredwa ndi bambo Zack Snyder, zovala anakonza ndi bambo Michael Wilkinson, ndipo ena mwa ankhondo aja anaoneka mimba ziri pamtunda. Miyezi isanu yokha inadutsa pakati pa mafilimu awiriwo. Nkhondo sinasinthe, adani sanafewe, mivi sinabunthe. Chinasintha ndi diso la woveka.

Anthu a kwa Nthache safunika kupita ku America kuti akaone mkazi wankhondo weniweni. Kutsidya kwa malire, m'dziko la Mozambique, gulu la FRELIMO linakhazikitsa nthambi ya asilikali aakazi mu 1967, ndipo kuyambira mu 1968 nkhondo yomenyera ufulu inayaka m'chigawo cha Tete, chimene chachita malire ndi Mwanza. Zithunzi za Josina Machel, amene anamwalira pa 7 April 1971, ndi za anzake ziripo mpaka lero: malaya a manja, buluku la usilikali, chipewa, mfuti paphewa. Amayi amenewa ankayenda mitunda yaitali m'tchire atasenza zida ndi chakudya, ndipo minga, udzudzu ndi dzuwa sizikadawalola kuvala monga amavalira anzawo a m'kanema. Chimodzimodzinso msilikali wamkazi wa dziko lino akamatumizidwa kukasungitsa mtendere ku Congo, amalandira jombo, chisoti ndi chotchinga zipolopolo zofanana ndi za mwamuna. Akadapatsidwa kamisolo wachitsulo, akuluakulu ake akadaimbidwa mlandu wofuna kumupha.

Ngakhale mayi amene sanagwirepo mfuti amadziwa kuti chovala ndi chida cha ntchito. Nyengo ya manachesi ikafika ku Mwanza, mayi amatsika chitunda ndi dengu pamutu kupita kumsewu wochokera kumalire a Zobue kumka ku Blantyre. Chitenje chimodzi wamanga m'chiuno kuti diresi isade, china waberekera mwana, china wachipinda kukhala nkhata, ndipo pangodya ya chitenje wamangapo ndalama. Duku likuteteza tsitsi ku fumbi. Akafuna kukwera kabaza, amavala buluku m'kati mwa chitenje kuti akhale bwino pampando. Palibe nsalu ngakhale imodzi pathupi pake imene iribe ntchito. Mayi ameneyu ndi katswiri wa kavalidwe kuposa okonza zovala a ku Hollywood, pakuti iye amayamba wafunsa kuti lero kuli ntchito yanji, kenaka n'kusankha chovala. Iwo amayamba afunsa kuti mwamuna woonera akufuna kuona chiwalo chiti, kenaka n'kudula nsalu.

Chomvetsa chisoni n'chakuti matendawa alowa m'nyumba. Ena mwa achinyamata a dziko lino amene akujambula mavidiyo a nyimbo, masewero ndi zotsatsa malonda akopera bodza lija osasintha ngakhale chilembo. Woimba wamwamuna amaonekera atavala jekete, chipewa ndi nsapato zotseka, ngati kuli chisanu cha mu June. Atsikana omuzungulira avala ngati kuli kutentha kwa mu October ku Nsanje. Anthu aima pamalo amodzi, tsiku limodzi, koma nyengo ziwiri. Kamera nayo imadziwa kumene yatumidwa: kwa mwamuna imayang'ana nkhope, kwa mkazi imatsikira m'chiuno ndi kukhazikika pamenepo, moti nyimbo imatha woonera asanadziwe kuti mtsikanayo ali ndi maso otani. M'sewero lina mtsikana wa kumudzi amapita kudimba ndi zikhadabo zopenta ndi kasiketi kamene sangawerame nako kuti azule udzu. Aliyense amene anagwirapo khasu amangopukusa mutu.

Ogwira ntchito m'boma ayenera kuima pang'ono pamenepa, chifukwa nkhaniyi ikuwakhudza kuposa momwe ambiri amaganizira. Mlembi wa muofesi akaonekera m'sewero, kawirikawiri amakhala wa kasiketi kothina, wopinda miyendo patebulo, amene ntchito yake yeniyeni ndi kukopa bwana. Namwino amavekedwa yunifolomu imene sangathamange nayo kupita kwa wodwala, ngakhale kunyamula mwana wakhanda. Wantchito wa m'nyumba amavekedwa mokonzekera kulanda mwamuna wa mwini. Mnyamata amene waona zimenezi kwa zaka khumi m'kanyumba ka vidiyo amadzakula, napeza ntchito, nakhala pa desiki yoyandikana ndi mlembi weniweni, mayi wa ana atatu amene wabwera kudzalemba makalata a boma. Phunziro la m'kanema amalitenga kulowa nalo muofesi. Lamulo loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi la mu 2013 limaletsa kuvutitsa munthu pa zachiwerewere pamalo a ntchito, koma lamulo limagwira mkono wa munthu atachita kale. Chithunzi chimaumba mtima wake asanachite. Ndipo mtsikana wa ku sekondale kwa Nthache, amene akulimbana ndi masamu kuti adzakhale namwino kapena mlembi, akuuzidwa usiku ulionse kuti chimene chidzamupititse patsogolo si mutu wake ayi.

Opanga zithunzi zotere ali ndi yankho lawo lokonzeratu. Amati anthu ndiwo amafuna, ndipo filimu yovala bwino siyenda malonda. Mawu amenewa ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Filimu ya Black Panther ya mu 2018 inali ndi gulu la asilikali aakazi lotchedwa Dora Milaje, ovala kuyambira m'khosi mpaka kumapazi, pa nsapato zosanyamuka chidendene, m'zovala zotengera luso la mitundu ya mu Africa monga Amasai ndi Andebele. Filimuyo inapeza ndalama zoposa madola 1.3 biliyoni, ndipo wokonza zovala zake, mayi Ruth E. Carter, analandira mphotho ya Oscar mu 2019. Filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind ya mu 2019, yonena za William Kamkwamba wa ku Kasungu, inajambulidwa m'dziko muno, amayi ake ali m'zitenje monga amavalira amayi a ku Wimbe, ndipo yaonedwa m'maiko ambiri. Palibenso amene akunena kuti chovala chachifupi chisaoneke konse m'kanema. Shemu Joyah anajambula The Road to Sunrise mu 2017, nkhani ya atsikana oyendayenda a m'Blantyre; m'nkhani yotere chovala chimatsata moyo wa mtengambali ndipo chimanena zoona za iye. Chokanidwa ndi chovala chimene chimatsutsana ndi ntchito imene mtengambali akugwira, chovekedwa kuti woonera ameze malovu basi.

Tsono pali msampha umene atsogoleri a nthambi ndi a madera ayenera kuulambalala. Dziko lino linayesapo kuyeza ulemu wa mkazi ndi tepi ya telala. Mu 1968 kunakhazikitsidwa lamulo loyang'anira mabuku, mafilimu ndi zisangalalo, ndipo bungwe lake linkadula mbali za mafilimu anthu asanaonere. Mu 1973 kunabwera lamulo la kavalidwe, limene linalamula kuti siketi kapena diresi ibise bondo mkazi akaimirira, ndipo linaletsa amayi kuvala buluku poyera kupatula pa masewera ndi m'malo ena ochezera alendo. Lamuloli linathetsedwa a Malaŵi atasankha zipani zambiri pa riferendamu ya pa 14 June 1993. Choyenera kuchiona bwino n'chakuti chovala chimene linaletsa, buluku, ndicho choyenera kwambiri mkazi wokwera njinga, wokwera mtengo wa manachesi kapena woyendetsa thalakitala. Msilikali wamkazi wa ku Tete akadadutsa malire mu 1974 ndi buluku lake, akadakhala wolakwira lamulo. Wovula mkazi m'kanema ndi wopima siketi pamsewu amaoneka ngati adani, koma onse awiri amamuona mkazi ngati chinthu choyang'anidwa, ndipo palibe mwa iwo amene amafunsa za ntchito imene mayiyo akupita kukagwira.

Kumene maganizo otere amafikitsa kunaoneka mu January 2012, pamene mavenda ena ku Lilongwe ndi ku Blantyre anayamba kuvula amayi ovala mabuluku ndi masiketi aafupi m'misewu, akuti akuteteza chikhalidwe. Anthu odzitcha oteteza ulemu anasiya ana a eni ake ali maliseche pakati pa msika, masana dzuwa likuswa mtengo. Pa 20 January amayi ndi abambo anasonkhana ku Blantyre kudzatsutsa nkhanzazo, mayi Joyce Banda, amene panthawiyo anali wachiwiri kwa Pulezidenti, ali pomwepo, ndipo Pulezidenti Bingu wa Mutharika ananena poyera kuti amayi ali ndi ufulu wovala chimene afuna. Choncho wina aliyense amene angatenge madandaulo a kavalidwe ka m'kanema n'kukawasandutsa chikwapu chokwapulira mtsikana wodutsa pamsika wa Mwanza wasokoneza mlandu. Mtsikana wa pamsewu wadziveka yekha, ndi ndalama zake, pa zifukwa zake. Mtengambali wa m'kanema sasankha. Amavekedwa ndi wolemba nkhani, wotsogolera ndi mwini ndalama, ndipo mlandu uli pa iwowo. Ngakhale mtsikana wovina m'vidiyo, amene nthawi zambiri amalandira zochepa kuposa aliyense pamalopo, sindiye woyamba kufunsidwa.

Mwini ndalama nthawi zina ndi boma lenilenilo. Maunduna, makhonsolo ndi makampani a boma amalipira masewero ophunzitsa za umoyo, za ulimi ndi za chisankho, amalipira zikwangwani ndi makalendala, amaitana oimba ndi ovina ku misonkhano. Ofesala amene amasaina kalata yolipira ali ndi mphamvu imene lumo la bungwe lodula mafilimu linalibe, ndipo safunika lamulo latsopano kuti aigwiritse ntchito. Wojambula akabwera ndi chithunzi cha mlangizi wamkazi wa zaulimi ataima m'munda wa nandolo pa nsapato za gogoda, ofesalayo amubwezere chithunzicho, amuuze akwere basi ya ku Mwanza, akatsike kwa Nthache m'nyengo ya dzinja, akaone zimene mlangizi amavala polowa m'munda mvula itagwa usiku wonse, kenaka adzajambulenso.