Mwendo wa Mbidzi

Kuno ku Nsefu kavalo sitimuona. Kashembe wa m'chigwa cha Luangwa amafalitsa matenda amene amapha akavalo ndi ng'ombe. Koma mbale wa kavalo, mbidzi, tili naye, ndipo mwendo wawo ndi umodzi.

Kuyambira pa bondo kutsika kulibe mnofu: ndi fupa, mitsempha ndi khungu basi. N'chifukwa chake bala la pamenepo limachedwa kupola. Kavalo akavulala, mwini wake amamutsekera m'khola, kuthira madzi ozizira potupa, kutsuka bala ndi kumanga, kenako n'kumamuyendetsa pang'onopang'ono kwa milungu kapena miyezi. Amayang'anitsitsanso mwendo wabwinowo, poti ukasenza thupi lonse chiboda chake chimadwala.

Nanga mbidzi yokodwa m'khwekhwe la waya? Wayayo amadya khungu mpaka kufika pa fupa, ndipo khola lopumira palibe. Madokotala a ziweto a Conservation South Luangwa, pamodzi ndi a Dipatimenti ya Nyama Zakutchire, amaibaya jekeseni wogonetsa, kudula waya, kutsuka bala, kuipatsa mankhwala n'kuidzutsa. Ikadzuka ili yokha, mikango ndi afisi ali pomwepo. Zimandipweteka mtima, chifukwa wotchera nthawi zambiri amafuna nswala ya ndiwo, mbidzi n'kungogweramo.

Dziko lino ndi limene Mfumu Nsefu ndi woteteza nyama zakutchire Norman Carr anapatula mu 1950 kuti nyama zisungike. Mukaona nyama ikutsimphina, waya ali kumwendo, musaiyandikire. Dziwitsani asilikali a nyama tsiku lomwelo, bala lisanaole.