Tisagwetse matchalitchi akale a ku Dedza m'dzina la chitukuko

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule kudzera m'nyuzipepala yanu pa khalidwe lomwe lafala m'mipingo ya kuno kumapiri a Dedza. Mpingo ukangotolera ndalama zochulukirapo pa pepa sande, maganizo oyamba amakhala ogumula tchalitchi chomwe makolo adamanga, kapena kuchimata pulasitala wa simenti n'kuchipaka penti wowala kuti chifanane ndi za ku Lilongwe. Tikuwononga ndi manja athu zinthu zomwe sitidzathanso kumanga.

Kwathu zachitika chaka chino. Sinditchula mudzi kapena mpingo, pakuti ena mwa akulu ampingo amene adagwirizana nazo ndi abale anga, ndipo sadachite ndi mtima woipa. Koma tchalitchi chomwe chagwetsedwacho chinali ndi khoma lochindikala njerwa zitatu, moti mwezi wa June, nkhungu itakuta phiri, mkatimo munkafunda. Makomo ndi mawindo ake anali okhota pamwamba, njerwa zokhazokha zogwirana, popanda chitsulo ngakhale chimodzi. Pa njerwa zina pankaoneka zala za amene ankazigwira zili zaziwisi pozichotsa m'chikombole. Lero njerwazo zamangira mpanda ndi zimbudzi, ndipo belu langokolekedwa pamtengo wa mkungudza.

Nditafunsa, adandiyankha kuti, "Aphunzitsi, zimene zija zinali nyumba za azungu, zatha ntchito." Mawu amenewa ndi amene andilembetsa kalatayi. Zoona, amishoni ndi amene ankajambula mapulani. Ansembe a White Fathers adafika ku Mua mu 1902, kenako n'kukwera phiri kudzatsegula Bembeke mu 1910, kwa Inkosi Kamenyagwaza. Amishoni a Dutch Reformed Church adakhazikika ku Nkhoma mu 1896, ku Mlanda mu 1902 ndi ku Mphunzi mu 1903. Koma amishoniwo pamalo amodzi ankakhala angati? Ndani ankaponda dothi, kuumba njerwa, kusanja uvuni ndi kuchezera moto usiku wonse? Ndani ankacheka matabwa ndi sowo wamanja, ndani ankasenza madzi pamutu kuchokera kudambo? Anali agogo athu, Achewa, Angoni ndi Ayao a m'midzi yomweyi, ena akugwira ntchito kuti apeze ya msonkho wa atsamunda. Mayina awo sadalembedwe pamwala uliwonse, ntchito yawo yokha ndi imene yatsala.

Ndiponso nyumbazi zidasiya kalekale kukhala za alendo. Tchalitchi chachikulu cha Bembeke ndi pomwe padakhala mpando wa Ambuye Cornelius Chitsulo, Mmalawi woyamba kudzozedwa unsembe wa Katolika mu 1937, amenenso adakhala episkopi woyamba wakuda m'dziko muno mu 1957, dziko lisadalandire ufulu. Mwana wa sukulu ukamuimika pakhomo la tchalitchi chimenecho n'kumuuza zimenezi, mbiri imamulowa kuposa ya m'buku.

Sindikutsutsa kuti Akhristu achuluka ndipo ena amapemphera ataima panja. Malo ndi ofunika. Koma mishoni zambiri zili ndi bwalo lalikulu; chatsopano chimangidwe pambali, chakale chikhale cha Sande sukulu, cha kalasi, cha kwaya kapena cha amayi akakumana pakati pa sabata.

Tsono pali ena amene sagwetsa, amati akukonza, koma n'kuwononga chimodzimodzi. Apa ndikupempha amisiri athu amve. Makoma akalewa adamangidwa ndi dothi kapena laimu, osati simenti. Khoma lotere limamwa chinyezi nthawi ya dzinja, chilimwe n'kuchitulutsa. Mukalimata simenti, chinyezi chimatsekeredwa mkati, njerwa zimayamba kufumbutuka kuseri kwa pulasitala, ndipo pakapita zaka zochepa chigamba chonse chimasupuka pamodzi ndi nkhope ya njerwa. Kuno ku Dedza, komwe boma lenilenilo lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 ndipo mvula ya mawawa imatha masiku, vutoli limakula msanga. Chomwe nyumba yakale imafuna n'chochepa: kutseka denga pomwe likudontha, kusintha phaso lomwe chiswe chadya, kukumba ngalande kuti madzi asaime pamaziko, ndi kubwezeretsa laimu m'mizere ya njerwa. Zimenezi n'zotsika mtengo kuposa matumba a simenti amene timagula. Komanso tiganize za mitengo. Uvuni uliwonse wa njerwa zatsopano umadya nkhuni zambiri, ndipo aliyense wodutsa pamsewu wa M1 akuona momwe mapiri athu ayerera.

Chimandipweteka kwambiri ndi mabuku. M'tchalitchi cha kwathu chija, m'kabati ya kachipinda ka kuseri kwa guwa munali makaundula a ubatizo ndi a maukwati, olembedwa ndi inki yomwe idasanduka yofiirira. Pogwetsa adawaika m'katoni n'kuwasiya pansi m'nyumba yosungiramo chimanga. Ndidawapeza masamba atamatana, m'mbali mwake chiswe chitalowa. Kwa mabanja ambiri, m'menemo ndi mokhamo momwe mudalembedwa dzina la agogo awo aakazi ndi mudzi womwe adachokera.

Anthu akunja amadziwa kufunika kwa zomwe tili nazo. Mu 2006 bungwe la UNESCO lidaika zojambula za pamiyala za ku Chongoni pamndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi, malo 127, kuphatikizapo Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi, komwe kuli zofiira za Akafula ndi zoyera za makolo Achichewa zokhudza chinamwali ndi gule. Ku Mua, malo a KuNgoni omwe Bambo Claude Boucher adayambitsa mu 1976 amakoka alendo chaka chonse. Mlendo amene waona Chongoni m'mawa akhoza kuona Bembeke masana n'kugula mbatata ya kachewere pamsewu, ndalama n'kutsala kwa alimi athu. Nanga tikagwetsa adzaimiranji?

Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza zinthu zakale, la Monuments and Relics Act, koma kumudzi ndi ochepa adalimvapo. Pempho langa kwa a khonsolo, mafumu, abusa ndi ansembe ndi lakuti tikhale pansi tilembe mndandanda wa nyumba zonse zakale za m'boma lino: matchalitchi, nyumba za amishoni, makalasi oyamba, ngakhale masitolo akale a paboma. Iliyonse ijambulidwe chithunzi, ndipo okalamba amene akukumbukira amisiri ake afunsidwe akadali moyo. Komiti ya zomangamanga isaloledwe kukhudza nyumba ya pamndandandawo isadaitane akatswiri a boma oona zakale. Ndamva kuti mipingo ina yoyandikana nafe ikudikira mvula ithe kuti nayonso igwetse, n'chifukwa chake ndapempha kuti kalatayi ituluke msanga.

Mphunzitsi wopuma,
Dedza